Manja Obisika a Mayi Felesita

"Amayi, ndikupempheni kanthu kamodzi, koma musandikwiyire."

Esime ananena mawuwa atagwada, akumanga mabatani a bulawuzi ya amayi ake monga ankachitira m'mawa uliwonse. A Felesita sankathanso kumanga okha. Nyamakazi inawayamba ali ndi zaka makumi asanu, ndipo pofika chaka chimenechi cha 1989 inali itawapinda zala zonse. Zinkaloza kumbali ngati mizu ya mtengo wozuka, mfundo zake zotupa ndi zotentha.

"Nena, ndikumva."

"Azakhali ake a Jerome akabwera, manjawa muwasunge m'kati mwa shawelo. Lero lokha, amayi."

A Felesita anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali. Kunja, m'bwalo la nyumba zambiri zija za ku Alexandra, ku Joni, amayi ena ankakangana m'Chizulu za malo a pachingwe choyanikapo zovala.

"Chabwino," a Felesita anatero. "Unditengere yabuluu ija. Yakudayo ndi ya kumaliro."

Esime anapumira m'mwamba. Koma abale, akanatani? Jerome anali mnyamata wa ku Ntcheu, wamtali, wa mawu okhuthala ngati uchi, amene anafika ku Joni zaka ziwiri zapitazo n'kupeza ntchito pafakitale ina ku Kya Sand. Anadziwana ku kwaya ya tchalitchi cha Amalawi, Esime atangolemba kumene mayeso ake omaliza. Kuchokera tsiku lomwe Jerome anamugwirira buku la nyimbo, Esime anali atatchula kale maina a ana awo atatu mumtima, atasankhanso mtundu wa makatani. Chotsala chinali chimodzi. Ankhoswe asanakumane, a Agnesi, mlongo wa bambo ake a Jerome, amene ankaphikira azungu ku Bertrams, anayenera kubwera kudzaona pakhomo.

* * *

A Agnesi anafika dzuwa lili paliwombo, atavala chipewa cha kutchalitchi, chikwama atachipana m'khwapa. Analowa akuunguza, maso kudenga, maso pansi pa bedi, maso pa chithunzi cha malemu bambo ake a Esime atavala chisoti cha kumgodi.

"Ndiye mwanayu anabadwira konkuno?" anafunsa moni utatha. "Chichewa amachimva?"

"Ndimachimva, azakhali," Esime anayankha atagwada, maso pansi.

"Ee, koma. Ambiri obadwira kuno angodziwa 'yebo, yebo' basi."

Anacheza za ulendo, za mabasi, za mvula ya kumudzi. A Felesita ankayankha bwino, manja ali phee pansi pa shawelo. Esime anayamba kuona kuti zonse ziyenda. Anathira tiyi, mtima ukuimba.

Kenaka a Agnesi anatsegula chikwama n'kutulutsa chitenje chatsopano chochokera kumudzi, cha maluwa achikasu. Ananyamuka, nawerama mwaulemu pamaso pa a Felesita, atachigwira ndi manja awiri.

"Kamphatso kochepa, amayi, kochokera kwa ife akuchimuna."

A Felesita sanagwedezeke. "Zikomo kwambiri. Esime, landira."

A Agnesi anaweramuka pang'onopang'ono, chitenje chili m'manja.

"Kodi ku Joni kuno mphatso ya apongozi amatumira mwana? Kwathu ngakhale mchere wopempha timalandira ndi manja awiri, n'kuwomba m'manja. Ngati nsalu yangayi ikununkha khitchini ya azungu, ingonenani, ndibwerere nayo."

"Ayi, azakhali, si choncho," Esime anayamba.

"Iwe khala chete, ndikuyankhula ndi amayi ako."

A Felesita anatembenukira kwa Esime, ngati akupepesa. Kenaka anakankha shawelo ndi zigongono, n'kutambasula manja onse awiri.

Nkhope ya a Agnesi inakwinyika ngati alawa mkaka wosasa. Anabwerera m'mbuyo, n'kusiya chitenje chisanafike pa manjawo. Chinagwa pansi. Anasolola kampango m'chikwama n'kupukuta zala zawo chimodzichimodzi, chonsecho sanakhudze munthu.

"Ndi khate limeneli?"

"Si khate. Ndi nyamakazi. Siyopatsirana," a Felesita anayankha.

"Kwanu alipo wina amene anadwalapo?"

Esime anawayang'ana amayi ake ndi maso opempha. Bodza laling'ono lokha, amayi! Ndani akanapita kwawo ku Dedza kukafukula manda?

"Amayi anga anamwalira nayo," a Felesita anatero. "Mng'ono wanganso inamuyamba chaka chatha."

"Ehe! Ndiye ndi zakumtundu." A Agnesi anakodola Esime. "Tabwera kuno. Tambasula."

Anamugwira dzanja, nayamba kutsina mfundo iliyonse, kupinda, kuwongola, monga amachitira munthu wogula nkhuku pamsika. Zala zawo zinali zozizira ndi zonyowa. Esime sanachotse dzanjalo.

"Pano zikuoneka bwino," a Agnesi anatero. "Za amayi akonso zinali bwino pa tsiku la ukwati."

Tiyi sanamukhudze n'komwe. Anatsazika ataima pakhomo.

* * *

Madzulo ake Esime anatenthetsa madzi n'kuyamba kupaka amayi ake mankhwala, ntchito imene anaigwira kwa zaka zisanu ndi ziwiri osaiganizira. Koma tsiku limeneli fungo la mankhwalawo linamutsamwitsa. Khungu lonyezimira la pamfundo linamuonekera lachilendo, ndipo anadzipeza akupaka ndi nsonga za zala zokha.

"Bwanji simunangonena kuti kulibe wina?" anafunsa mokalipa.

"Kuti adzamve kwa ena ukwati utachitika? Akanakutcha mwana wa wabodza moyo wako wonse."

"Bola zimenezo! Bola kukhala mwana wa wabodza wokwatiwa!"

A Felesita anangoyang'ana momwe Esime ankawagwirira.

"Ngati watopa, siya. Ndipaka ndekha pabondo."

Esime anachita manyazi mpaka makutu kutentha. Anali atayamba kuwagwira amayi ake monga mmene a Agnesi akanawagwirira. Anatuluka n'kukaima pampopi wa pabwalo, natsuka kumaso kawiri, koma kunyansidwa kumene anali nako kunali kwa iye mwini, ndipo madzi sakanakuchotsa.

* * *

Lamlungu, pemphero litatha, anaona kuti nkhani yafika kale. Amayi a mvano amene masiku onse ankamugwira chanza anangomugwedezera mutu. Wina anachita kukoka mwana wake kuti asamuyandikire.

Pachipata panali Thelma, woimba sopulano mnzake, amene anakhala akumuponyera maso Jerome chifikire. Amayi ake a Thelma ndi a Agnesi anali pa chinzake cha ponda apa nane mpondepo.

"Sawubona, makoti!" Thelma anatero mokweza, akumutcha mkwatibwi kuti onse amve. "Shem, ndamva. Pepa, sisi." Anatambasula zala zake zopaka utoto wofiira n'kumaziyang'ana padzuwa. "Koma mphete adzakugulira yaikulu bwanji? Aganizire za m'tsogolo, eti? Zikadzatupa idzavuta kuvula."

"Thelma, pakamwa pako pakununkha kuposa ngalande ya m'bwalo mwanu."

"Hawu! Ine ndikungokumvera chisoni." Anaseka, namka akugwedeza chiuno.

Jerome anali kuseri kwa tchalitchi, pansi pa mtengo wa pichesi pamene ankakumana nthawi zonse. Esime atamuona, mtima unasungunuka monga mwa masiku onse. Anathamanga n'kumutambasulira manja. Jerome anamugwira, inde, koma pamkono, ndipo maso ake anatsikira pa zala asanakwere pankhope.

"Nawenso wayamba kundipima?"

"Ayi, Esi. Ndikungo... azakhali akwiya kwambiri."

"Akwiyira chiyani? Kuti amayi akudwala?"

"Kuti munabisa. Akuti banja lobisa manja lingabisenso zina. Iwenso, bwanji sunandiuze kuti agogo ako anali choncho? Ine ndinkayesa ndi ukalamba chabe wa amayi."

"Ukanadziwa ukanatani?"

Jerome anathyola katsamba n'kumakang'amba. "Ndimakukonda, ukudziwa. Koma azakhali akuti zinthuzi zimayenda m'magazi a akazi. Akuti ana athu aakazi, adzukulu, onse. Akuti akalembera bambo kumudzi, ndipo bambo akakana, ine ndilibe mawu."

"Akuti, akuti, akuti! Nanga iwe ukuti chiyani? Tandiuza, Jerome. Ndikadzafika zaka za amayi, zala n'kupindika, udzandimangira mabatani?"

Jerome anaseka kaseko kouma. "Aaa, Esi, zimenezo ndi za kutali."

"Ndakufunsa."

"Ndi... inde. Bwanji osatero?"

Koma "inde" ameneyo anachedwa. Esime anamva kuchedwako. Mnyamata uyu anamulonjeza kuti angawoloke Limpopo wosefukira chifukwa cha iye, lero akuchita chibwibwi pa mabatani anayi!

"Undipatse masiku atatu," Jerome anatero. "Ndikawanyengerera. Usataye mtima."

* * *

Lachiwiri masana Esime anapeza kapepala kolowetsedwa pansi pa chitseko.

"Esi wanga, duwa la mtima wanga. Ndayankhula ndi azakhali ndipo njira yapezeka. Chinkhoswe chichitika. Ndibwera mawa ndikaweruka kuti tikambirane. Usalirenso. Wako mpaka imfa, Jerome."

Anakawerenga kasanu ndi kawiri. Mpaka imfa! Ndiye kuti anamuweruza msanga. Mnyamata wake wakamenya nkhondo ku Bertrams, waima pamaso pa chipewa chija n'kunena kuti Esime kapena palibe. Anakapsompsona kapepalako n'kukabisa pachifuwa.

Komabe kudikira mpaka mawa madzulo manja ali lende kunali kosatheka. Anafuna kuti Jerome akabwera amupeze nayenso ali ndi chida. Anaganiza zopita ku kiliniki kumene amayi ake ankalandira mapiritsi, akatenge pepala la dokotala loti iye alibe kanthu, akaliike patebulo pamaso pa a Agnesi.

* * *

Mawa lake anakhala pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Pomaliza analowa kwa Sisita Zodwa, nesi wonenepa wa magalasi amene ankawadziwa bwino a Felesita.

"Mama ali kuti? Mapiritsi atha kale?" nesiyo anafunsa m'Chizulu.

"Ndabwera za ine, Sisita. Ndikufuna kudziwa ngati matenda a amayi ali akumtundu."

Sisita Zodwa anatsitsa magalasi. "Pali mwamuna pankhaniyi."

"Alipo."

"Ndinadziwa. Khala pansi." Anamugwira manja, koma iye anagwira ndi chikhatho chonse, mofunda. "M'mawa ukadzuka zimauma? Zimatupa? Ayi? Ndiye lero ulibe kanthu. Tsono mvetsera. Nyamakazi ya amayi ako si ya ukalamba wamba. Ndi thupi lomwe limalimbana ndi mfundo zake zomwe. Inde, imakonda kuonekera m'mabanja ena kuposa ena, ndipo imagwira akazi kwambiri. Mwana wa wodwala ali pafupi nayo pang'ono kuposa mwana wa munthu wina. Koma ambiri mwa ana amenewo amakalamba osaiona. Ndipo theka la agogo amene akhala pabenchi panjapo, kwawo kunalibe aliyense wodwala."

"Ndiye ine sindidzadwala?"

"Sindinatero."

"Ndidzadwala?"

"Sindinateronso. Palibe akudziwa, mntanami, mwana wanga."

"Koma mundilembere pepala, Sisita. Loti pano ndili bwino, ndiponso kuti mwina..."

"Pepala la mwina?" Nesiyo anaseka mpaka mapewa kugwedezeka. "Ine ndemwe sindingadzilembere loti ndidzafika Khirisimasi. Mnyamata wakoyo wabweretsa lake? Kwawo kulibe wa shuga, wa mtima, wa chifuwa cha kumgodi? Muuze abweretse mndandanda, tifananize."

Esime anatuluka wopanda pepala, koma ali ndi mawu. Ambiri amakalamba osaiona. Njira yonse ankawabwereza, akuwasandutsa Chichewa chaulemu choti a Agnesi asapezepo potsutsa. Ankadziona ataimirira, akuyankhula, Jerome ali pambali pake akugwedeza mutu monyadira.

* * *

Atafika anapeza chitseko chili chotsegula. Jerome anali ataweruka msanga. Anakhala pampando wa pafupi ndi khomo, kapusi ili pabondo, kutali ndi amayi monga ayenera mkamwini. Atamuona anamwetulira ngati wapambana mpikisano.

"Esi! Zatheka. Ndafotokozera kale amayi."

"Popanda ine?"

"Unachedwa. Tamvera. Azakhali avomera kuti salemba chilichonse kwa bambo za matendawa. Chinkhoswe chichitika Loweruka la sabata ya mawa, ku holo ya tchalitchi. Amalume anga awiri akubwera kuchokera kumigodi."

Esime anaima pakhomo pomwepo. Loweruka la mawa! Chitenje chofanana, nyimbo, nthungululu, Thelma akuonerera ali kukhoma!

"Koma pali kanthu kamodzi," Jerome anapitiriza, akuzunguza kapusi. "Amalumewo akabwerera kumudzi adzakafotokoza zonse zimene aone. Ndiye azakhali akuti... pa tsikulo amayi apume kunyumba. Pampando wa amayi a mkwatibwi pakhale munthu wina woti alandire mphatso, agwirane chanza ndi alendo. Tsiku limodzi lokha. Pa ukwati tidzaonanso."

"Ukuti chiyani?"

"Esi, ndi njira yokhayo. Ndalimbana nawo maola atatu."

"Iyi ndiye njira imene unandilembera? Duwa la mtima wako likhale lopanda mayi? Ndachokera ku kiliniki, Jerome. Sisita wanena kuti ambiri amakalamba osaiona. Wanena kuti palibe akudziwa!"

"Eya, palibe akudziwa. N'zimene azakhali akuopa."

Esime anamuyang'ana. Nkhope yomweyo, milomo yomweyo imene ankailota usiku ndi usana. Koma tsopano anaona thukuta pamphuno, anaona kumwetulira kopempha kuyamikiridwa.

"Tuluka," anatero. "Amayi sangavomere zonyansa zimenezi."

"Ndavomera kale," a Felesita anatero.

"Amayi!"

"Ndakhala pa zinkhoswe zambiri, mwanawe. Phokoso lokhalokha, ndipo mabenchi aja amandipweteka msana. Iwe umamufuna mnyamatayu. Ndakuona chaka chonse ukuyenda ngati suponda pansi. Ndisakhale ine chokutsekereza."

Ankayankhula akuyang'ana kukhoma, mawu ali osalala kwambiri. Ndipo chimene chinamunyansa Esime koposa a Agnesi, koposa Thelma, koposa thukuta la Jerome, chinali ichi: pansi penipeni pa mtima wake, kanthu kena kanadumpha ndi chimwemwe. Amayi avomera okha. Palibe angamunene.

"Ndiye ukuti bwanji?" Jerome anafunsa. "Azakhali akufuna yankho lako mawa. Ukakana, kalata ya kwa bambo ikupita Lachisanu."

Esime anatembenukira kwa Jerome. "Munthu winayo ndani? Ife kuno tilibe mbale wamkazi."

Jerome anayang'ana pansi. "Pafunika mayi wachikulire, wodziwa mwambo, woti amalume asamukayikire. Azakhali apempha mnzawo. Ndinati ndiyambe ndakuuza, koma iwo anati abwere lero lomwe kuti muzolowerane."

"Mnzawo uti?"

"Odi kuno!" mawu anamveka pabwalo.

Pakhomo panaima amayi ake a Thelma, atavala duku latsopano. Kumbuyo kwawo kunali Thelma mwini, akusuzumira m'nyumba, mano onse ali pamtunda.

"Ali kuti mwana wanga?" mayiyo anatero, osawayang'ana n'komwe a Felesita. "Bwera, Esime. Gwada apa, uyambe kuphunzira kunditchula kuti amayi."